Kusankha pulogalamu yoyamba yopangira nyimbo zovina pakompyuta

M'misika ya kwa Chimbiya, ku Linthipe ndi pa boma la Dedza, masipika amakhala akugunda nyimbo za amapiano ndi house kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zambiri mwa nyimbozi sizinaimbidwe ndi gitala kapena ng'oma yachikopa. Zinapangidwa pakompyuta, nthawi zina m'kachipinda kogona, ndi munthu mmodzi wovala mahedifoni. N'chifukwa chake achinyamata ambiri akufuna kudziwa pulogalamu yoyenera kuyamba nayo. Yankho lagona pa zinthu zinayi: makina amene munthu ali nawo, magetsi, intaneti ndi mtundu wa nyimbo imene akufuna kupanga.

Ntchito ya pulogalamuyi

Mapulogalamu otere, amene akatswiri amawatcha DAW, amagwira ntchito imene kale inkafuna situdiyo yathunthu. Wopanga nyimbo amayala kugunda kwa ng'oma, amaikapo besi ndi zoimbira zina, amajambula mawu a woimba, kenako n'kusakaniza zonse kuti zimveke bwino. Liwiro la nyimbo amaliyeza powerenga kuti ikugunda kangati pa mphindi imodzi. House imagunda ka 120 mpaka 130, amapiano amakhala cha m'ma 110 mpaka 115, pomwe drum and bass imapitirira 160. Pulogalamu iliyonse yodziwika imatha kupanga mitundu yonseyi. Kusiyana kuli pa mtengo, kulemera kwake pakompyuta ndi njira yogwirira ntchito.

FL Studio

Pulogalamuyi ndi ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina loti FruityLoops ndipo inasintha dzina mu 2003. Woyamba kumene savutika nayo chifukwa ng'oma amaziyala pongodina timabokosi totsatana mumzere. Martin Garrix ndi malemu Avicii anatchuka akugwiritsa ntchito pulogalamuyi. Ku South Africa, besi yodumphadumpha ya amapiano yotchedwa log drum inafala kuchokera ku kachoimbira ka mu FL Studio kotchedwa Fruity DX10.

Wogula amalipira kamodzi ndipo mitundu yatsopano amailandira kwaulere moyo wake wonse. Koma pali misampha iwiri. Yoyeserera yaulere imalola kusunga ntchito koma siilola kuitsegulanso mpaka munthu atagula. Komanso mtundu wotsika mtengo kwambiri, Fruity Edition, sujambula mawu kudzera pa maikolofoni. Wofuna kujambula woimba ayenera kuyambira pa Producer Edition.

Ableton Live

Inatuluka mu 2001 ku Berlin m'dziko la Germany. Mphamvu yake ili pa kuyesa zidutswa za nyimbo mosinthanasinthana nyimbo isanaime, zomwe zimathandiza amene akufuna kuimba pamaso pa anthu. Live 12, imene inatuluka mu 2024, imafuna kompyuta yokhala ndi RAM yosachepera 8GB, choncho malaputopu ambiri akale saikwanitsa. Mtundu wake waung'ono, Live Lite, umaperekedwa kwaulere kwa ogula makiyibodi ena oimbira, ngakhale umangolola mizere isanu ndi itatu ya zoimbira.

Zaulere ndi zotsika mtengo

LMMS ndi yaulere kotheratu, ndi yopepuka, ndipo kayalidwe kake ka ng'oma kamafanana ndi ka FL Studio. Vuto lake ndi lakuti sijambula mawu a woimba, choncho ambiri amaiphatikiza ndi Audacity, pulogalamu ina yaulere yojambulira ndi kudulira mawu.

Reaper, ya kampani ya Cockos ya ku America, imalola kuyesa kwa masiku 60 ndipo chiphaso cha munthu wamba ndi madola 60. Kuitsitsa pa intaneti sikudya bandulo yambiri ndipo imayenda bwino pa makina ofooka. Komabe imabwera ndi zoimbira zochepa kwambiri, motero woyamba amafunika kufufuza zina payekha.

GarageBand ndi yaulere koma imagwira pa zipangizo za Apple zokha. Wopanda kompyuta angayambe ndi BandLab, yochokera ku Singapore, imene imagwira pa foni ndipo ntchito zake zazikulu ndi zaulere, ngakhale imadalira kwambiri intaneti. FL Studio Mobile ndi yogula, koma ikangoikidwa pa foni imagwira ntchito popanda bandulo.

Magetsi, bandulo ndi ndalama zakunja

Kwa wokhala ku Bembeke, Mayani kapena Lobi, nkhani ya magetsi ndi yaikulu kuposa dzina la pulogalamu. Kompyuta yapatebulo imazima nthawi yomweyo magetsi akathima, ndipo ntchito ya usiku wonse ikhoza kutayika. Laputopu ya batire yabwino imapereka mpata wosunga ntchito, ndiponso imatheka kutchajidwa ndi sola. Ndi nzeru kutsegula gawo la pulogalamu limene limasunga ntchito lokha pakapita mphindi zingapo, komanso kukhala ndi kope ina pa fulashi.

Mapulogalamu ogula amagulitsidwa m'madola kapena mayuro kudzera pa khadi ya kubanki. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo imeneyi yakhala yolemetsa kwa wachinyamata amene sali pantchito. Apa m'pamene ambiri amakopeka ndi mapulogalamu obedwa amene amayenda pa mafulashi. Mapulogalamu otere nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, amatha kuima ntchito ili mkati, ndipo kuwagwiritsa ntchito ndi kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso, limene ku Malawi linakonzedwanso mu 2016. Woimba amene akuyembekeza kuti bungwe la COSOMA lidzateteze nyimbo zake sayenera kuyamba ntchito ndi chida chakuba. Pulogalamu yaulere yovomerezeka imakwanira chaka choyamba cha kuphunzira.

Ng'oma za kwathu

Chimene chingasiyanitse nyimbo ya ku Dedza ndi ya ku Pretoria ndi mawu a kumudzi komweko. Bomali lili ndi chimtali, mganda, ngoma ya Angoni ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Kusakaniza zakwathu ndi nyimbo zapakompyuta si kwachilendo. Esau Mwamwaya anaimba m'Chichewa pamwamba pa zoimbira zotere m'gulu la The Very Best, limene linayambira ku London ndi kutulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa mu 2009.

Wofuna kutsata njira imeneyi ayenera kuona zinthu ziwiri. Choyamba, pulogalamu yake ikhale yotha kujambula ndi kudula mawu, kuti kuomba m'manja, chisekese kapena ng'oma yeniyeni zilowe m'nyimbo. Chachiwiri, mapulogalamu ambiri amatseguka ndi timabokosi 16, togawidwa tinayitinayi, pomwe magule ambiri a kuno amayenda m'magawo atatuatatu. Amene sasintha timabokosito kukhala 12 amapeza kuti ng'oma yake ikumveka youma ndipo sikuvinika monga ya pabwalo. FL Studio, Ableton Live, Reaper ndi LMMS zonse zimalola kusintha kumeneku.

Kujambula gule kumafunanso ulemu. Nyimbo zina za Gule Wamkulu ndi za chinamwali zili ndi eni ake ndi nthawi yake. Wojambula ayenera kupempha chilolezo kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo, ndi kugwirizana ndi oimbawo za dzina ndi malipiro nyimbo isanatuluke.

Kusankha

Amene ali ndi foni yokha ayambe ndi BandLab kapena FL Studio Mobile. Wa laputopu yakale wopanda ndalama atenge LMMS ndi Audacity. Wokonda kujambula oimba ndi ng'oma zenizeni angapindule ndi Reaper. Amene mtima wake uli pa amapiano ndipo angathe kusonkha ndalama alunjike pa FL Studio Producer Edition, pomwe wofuna kuimba pamaso pa anthu, ngati kompyuta yake ndi yamphamvu, ayang'ane Ableton Live.

Ndi bwinonso kufunsa kuti anzake apafupi akugwiritsa ntchito iti, chifukwa mphunzitsi wokhala naye pampando umodzi amathandiza msanga kuposa makanema a pa YouTube amene amamaliza bandulo. Akasankha, akhale nayo miyezi ingapo osadumphira ina, mpaka atamaliza nyimbo zingapo kuyambira poyamba kufika kumapeto. Ndalama zotsala zipite ku mahedifoni abwino, popeza khutu ndi limene limaweruza ngati besi yakwanira kapena yapyola.