Chordoma: khansa yobisala m'fupa la pansi pa ubongo wa mwana

Kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero, pali fupa lopendekeka lomwe ubongo umatsamira. Madokotala amalitcha clivus. Silioneka, silikhudzika ndi chala, ndipo anthu ambiri amakalamba osadziwa kuti ali nalo. Koma pafupali ndi pomwe pamamera chordoma, imodzi mwa khansa zosowa kwambiri za m'mafupa, yomwe imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 1 miliyoni chaka chilichonse. Ambiri mwa odwalawa ndi akuluakulu a zaka za m'ma 50 ndi 60. Ana sakwana ngakhale asanu pa odwala 100 alionse. Mwa akuluakulu chotupachi chimapezekanso m'msana ndi kumapeto kwa msana, cha kumatako, koma mwa ana chimakonda m'chigaza.

Chiyambi chake chili m'mimba mwa mayi. M'sabata yachitatu ya pathupi, mluza umakhala ndi kachingwe ka maselo kotchedwa notochord, komwe kamatsogolera kaumbidwe ka msana. Ntchito ikatha kachingweko kamazimirira, kungotsala timaselo towerengeka totsekeredwa m'mafupa. Mwa anthu ambiri timaseloti timagona moyo wonse. Mwa ochepa zedi timayambanso kuchulukana, ndipo ndiye chordoma imeneyo. Choncho siibwera chifukwa choti mwana anagwa n'kumenyetsa mutu, siichokera m'zakudya, ndipo siipatsirana. Mabanja omwe nthendayi imayenda m'magazi ndi ochepa kwambiri. Rudolf Virchow, katswiri wa ku Germany, analemba za zotupa za pafupali mu 1857, koma ankayesa kuti n'zochokera m'chichereŵechereŵe. Dzina loti chordoma linadza ndi Hugo Ribbert m'zaka za m'ma 1890.

Zizindikiro zake n'zonyenga, chifukwa chotupacho chimakulira mkati ndipo kunja sikutupa kanthu. Mtsempha womwe umayendetsa diso kuti liyang'ane cha kukhutu umadutsa pamwamba penipeni pa clivus, ndipo kawirikawiri ndiwo umayamba kupanikizika. Mwana wamkulu amadandaula kuti akuona zinthu ziwiriziwiri, kapena kuti zilembo za pabolodi zikusanjikizana. Wamng'ono, yemwe sangafotokoze, amangooneka diso limodzi litakhotera kumphuno, kapena amapendeketsa mutu poyang'ana. Ena amamva mutu kwa miyezi, makamaka cha kunkhongo. Khosi limauma, mawu amasasa, chakudya chimawatsamwa, lilime limakhotera mbali imodzi, mwinanso amayamba kudzandira. Chilichonse mwa izi chili ndi zifukwa zina zofala kuposa khansa, ndipo n'chifukwa chake mwana amatha kuzungulira kwa oyeza maso ndi kwa a zamakutu kwa nthawi yaitali asanajambulidwe mutu. Chomwe chimadzutsa dokotala watcheru ndi kusatha kwa zizindikirozo ndi kuwonjezekera kwake: diso lomwe lakhota mwadzidzidzi mwa mwana yemwe ankaona bwino, kenako mawu, kenako kayendedwe.

X-ray wamba sathandiza kwenikweni pamalowa. Makina a CT amaonetsa momwe fupa ladyekera, pomwe a MRI amaonetsa chotupa chenichenicho ndi momwe chayandikira tsinde la ubongo, mitsempha ya maso ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Komabe chithunzi sichitchula dzina la nthenda. Pamalo omwewo pamatha kumera chondrosarcoma, yomwe pachithunzi imafanana kwambiri ndi chordoma koma imachira mosavutirapo. Ewing sarcoma, yomwe James Ewing anaifotokoza mu 1921, imagwiranso chigaza mwa apo ndi apo, ndipo iyoyo imafuna chemotherapy msanga. Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, mwana wotupa chibwano kapena kuzungulira diso amaganiziridwa kaye Burkitt lymphoma, khansa yofala kuno yomwe imakula m'masabata ochepa ndipo imasungunuka ndi mankhwala popanda mpeni. Nthenda zinayi, njira zinayi zochizira. Kulakwitsa dzina ndiko kulakwitsa chithandizo chonse.

Dzinalo limapezeka m'labotale, kachidutswa ka chotupacho kakaikidwa pa maikulosikopu. Maselo a chordoma amaoneka ngati ali ndi thovu mkati. Kuyambira mu 2006, akatswiri ali ndi umboni wina wolimba: puloteni yotchedwa brachyury, yomwe imapezeka mu chordoma koma siipezeka mu chondrosarcoma. Kwa ana pali kuyeza kwinanso kosayenera kudumphidwa. Mtundu wina wa chordoma, womwe umakonda ana aang'ono kwambiri, umasowa puloteni ya INI1. Umakula msanga, umatha kufalikira kumapapo, ndipo bungwe la World Health Organization linauika padera pa mndandanda wake wa zotupa wa 2020. Mtundu umenewu ndiwo womwe chemotherapy imathandizako, pomwe chordoma wamba siimva mankhwalawa.

Chithandizo chachikulu ndi opaleshoni, ndipo opaleshoni yoyamba ndiyo yofunika kuposa zonse. Chotupa chomwe chachotsedwa theka chimameranso pakati pa zipsera, pomwe mitsempha siionekanso bwino, ndipo ulendo wachiwiri umakhala woopsa kuposa woyamba. Maselo a chordoma amathanso kumera m'njira yomwe mpeni kapena singano yadutsa, motero ngakhale kutapa kachidutswa kokayeza kumafuna kukonzedwa ndi gulu lomwelo lomwe lidzachotse chotupacho. Apa changu chimatha kupweteka: kupatula pomwe ubongo wapanikizika moika moyo pachiswe, masabata angapo ofunafuna madokotala ozolowera ntchitoyi si nthawi yotayika.

Kale madokotala ankafika pafupali poboola chigaza cham'mbali kapena podzera m'kamwa. Masiku ano ambiri amadzera m'mphuno ndi kachubu kokhala ndi kamera, njira yomwe inakhwimitsidwa kwambiri ku Pittsburgh, m'dziko la America. Dokotala wa ubongo ndi wa mphuno amagwira limodzi kwa maola ambiri, kuchotsa chotupacho pang'onopang'ono, popanda chilonda chooneka pankhope. Vuto lalikulu la njirayi linali kudontha kwa madzi a muubongo kudzera m'mphuno, komwe kumatsegulira njira matenda oumitsa khosi. Linachepa kwambiri kuchokera mu 2006, pomwe madokotala a ku Rosario, ku Argentina, anafalitsa njira yotsekera bowolo ndi kachikopa ka mkati mwa mphuno komwe kadakali ndi mtsempha wake wa magazi. Mwa mwana zonse n'zothina: mphuno ndi yaing'ono, mphako za m'fupa sizinakhwime, ndipo chotupa chikadya polumikizira mutu ndi khosi pamafunika zitsulo zogwiriziza.

Ngakhale dzanja laluso bwanji silichotsa selo lililonse pamalo otere, choncho pambuyo pake pamabwera kuwotcha ndi cheza. Chordoma ndi youma mutu: imafuna mlingo wopitirira 70 Gy, pomwe tsinde la ubongo ndi mitsempha ya maso, zomwe zili mamilimita ochepa kuchokera pamenepo, sizipirira mlingo wotere. Yankho linachokera kwa akatswiri a fizikisi. Mu 1946 Robert Wilson anaonetsa kuti tizidutswa ta atomu totchedwa proton timatula mphamvu zake zambiri pamalo amodzi n'kuima, kusiyana ndi cheza wamba chomwe chimapyola n'kuwotcha ndi zakuseri zomwe. Chipatala cha Massachusetts General ku Boston chinayamba kuchiza zotupa za pansi pa ubongo motere m'zaka za m'ma 1970. Makina ake ndi aakulu ngati nyumba ndipo ndi odula zedi. Ngakhale Britain inkatumiza ana ake kunja mpaka mu 2018, pomwe chipatala cha The Christie ku Manchester chinatsegula malo ake. Komwe kulibe proton, makina amakono a cheza wamba, okhoza kuumba cheza motsata chotupa, amagwiritsidwa ntchito. Mwana amawotchedwa masiku asanu pa sabata kwa masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, mutu utamangidwa m'chigoba chomuumbira iye yekha, ndipo wamng'ono kwambiri amagonekedwa tulo tsiku lililonse kuti asagwedezeke.

M'zipatala zikuluzikulu zomwe zimaphatikiza opaleshoni ndi proton, pafupifupi ana anayi mwa asanu amakhala ali moyo patadutsa zaka zisanu. Kwa omwe ali ndi mtundu wosowa INI1 chiwerengerocho n'chotsika. Chordoma imatha kubwerera ngakhale patapita zaka 10, motero mwanayo amajambulidwa ndi MRI pafupipafupi zaka zoyamba, kenako kamodzi pachaka mpaka kukula. Pamwamba penipeni pa clivus pali kachiwalo kotchedwa pituitary, komwe kamalamulira msinkhu ndi kutha msinkhu, ndipo cheza chimatha kukafooketsa patapita zaka. N'chifukwa chake pa ulendo uliwonse wakuchipatala mwanayo amayezedwanso kutalika, makutu, maso ndi magazi, ndipo zikaoneka kuti waleka kukula amapatsidwa mahomoni olowa m'malo mwa omwe thupi lasiya kupanga.