Kodi kuwerenga kumaonjezera nzeru?

Tsiku lina titamaliza phunziro, bambo wina wacikulire wa m'kalasi mwathu anandifunsa kuti: "Aphunzitsi, ndikadziwa kuwerenga, nzeru zanga zidzaculuka kodi?" Ena anaseka. Ine sindinaseke, cifukwa funso limeneli lavutitsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Cimanga timayesa ndi thumba, nsalu timayesa ndi mita. Nanga nzeru nkuziyesa bwanji?

Mmodzi mwa oyamba kuyesa anali Alexander Luria wa ku Soviet Union. M'zaka za 1931 ndi 1932 anapita ku midzi ya ku Uzbekistan, kumene alimi ambiri anali asanaphunzire kuwerenga. Ankakhala nawo pansi, kumwa nawo tiyi, ndi kuwafunsa mafunso. Funso lina linali la zimbalangondo, zilombo zazikulu zaubweya za kumaiko ozizira. Anawauza kuti kumpoto kwenikweni zimbalangondo zonse ndi zoyera, ndipo dera la Novaya Zemlya lili kumpotoko. Kenaka anafunsa mtundu wa zimbalangondo za m'deralo.

Alimi ambiri osawerenga anakana kuyankha. Anati iwo sanafikeko, ndipo munthu amanena zimene waona ndi maso ake. Amene anali ataphunzirako pang'ono anayankha msanga kuti ndi zoyera. Luria anaona kuti kuphunzira kumasintha kaganizidwe ka munthu. Buku lake la ulendowu linatuluka mocedwa, mu 1974.

Ine ndimaona kuti alimi aja sanali opusa. Pa bwalo la mfumu, mboni yokana kunena zimene sinaone ndiyo imene timailemekeza. Komanso muyeso wa Luria unali ndi vuto. Anthu amene anayankha bwino sanangodziwa zilembo zokha. Anali atakhalapo pamaso pa mphunzitsi, atazolowera mafunso a m'kalasi, ndipo ena anali atalowa m'minda ya gulu. Tsono cinawasintha ndi ciani, zilembo kapena sukulu? Kuti tidziwe, panafunika kupeza anthu odziwa kuwerenga koma osapita ku sukulu.

Anthu otere anapezeka mu Africa momuno. Ku Liberia, kumadzulo kwa Africa, kuli mtundu wa Avai, alimi a mpunga. Iwo ali ndi zilembo zaozao. Anazipanga ndi Momolu Duwalu Bukele ca m'ma 1833, ndipo amati anaziona kutulo. Zilembozo ndi pafupifupi 200. Cilembo cimodzi cimaimira phatikizo lathunthu, monga ba, kapena be, kapena bi. Munthu ankaphunzira kwa mnzake kapena kwa mbale wake, popanda sukulu, ndipo ankalembera makalata ndi kusunga ciwerengero ca ndalama ndi katundu.

M'zaka za m'ma 1970, Sylvia Scribner ndi Michael Cole a ku America anapita kwa Avai. Anapeza kuti pa amuna asanu alionse, pafupifupi mmodzi ankadziwa zilembo za Civai. Ena ankadziwa Ciarabu cifukwa ca kuphunzira Korani, monga amacitira ana a ku madrasa kwathu kuno. Ocepa anali ataphunzira Cingelezi ku sukulu. Ambiri sankawerenga konse. Anayesa anthu oposa 1,000 a m'magulu onsewa, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku la The Psychology of Literacy mu 1981.

Apa mverani bwino, abale. Pa mafunso onga aja a zimbalangondo, odziwa zilembo za Civai sanapose osawerenga. Amene anacita bwino ndi aja a ku sukulu, makamaka pofotokoza cifukwa cimene ayankhira motero. Zilembo zokha sizinasinthe mutu wonse wa munthu.

Koma ofufuzawo sanalekere pomwepo. Anayamba kuyang'ana zimene munthu aliyense amacita ndi zilembo zake, ndipo anakonza miyeso ina yolingana ndi nchitozo. Anaphunzitsa anthu masewera ena acilendo, nawauza kuti afotokozere munthu amene sanawaonepo. Olemba makalata a Civai anafotokoza bwino kuposa osawerenga. Nzosadabwitsa. Wolemba kalata anazolowera kulankhula ndi munthu amene sali pafupi, amene sangamulozere ndi cala kapena kumufunsa kuti abwereze. Amayamba waganiza kuti mnzangayo akudziwa ciani, ndipo sakudziwa ciani.

Cinanso ndi ici. Civai cimalembedwa popanda mipata pakati pa mau. Wowerenga amasunga maphatikizo m'mutu mpaka atapeza pamene liu lathera. Tsono pamene ofufuza ananena ziganizo pang'onopang'ono, phatikizo limodzilimodzi, owerenga Civai anamva tanthauzo mosavuta kuposa ena. Ophunzira Korani naonso anali ndi cao. Iwo amaloweza pamtima poonjezera pang'ono tsiku ndi tsiku. Atapatsidwa mndandanda wa mau woonjezeka liu limodzi nthawi iliyonse, anaukumbukira bwino m'dongosolo lake. Gulu lililonse linapambana pa cinthu cimene linkacita kawirikawiri. Ndipo panalibe muyeso ngakhale umodzi pamene osawerenga onse anatsalira kumbuyo kwa owerenga onse.

Nkhani imeneyi ndinawafotokozera bambo aja pa phunziro lotsatira. Anakhala cete kanthawi, kenaka anati: "Ndiye kuti zili kwa ine, kuti zilembozo ndizicita nazo ciani." Ndinawafunsa cimene akufuna kuyamba naco. Anati ali ndi mwana wao ku Beira amene akufuna kumuuza za malire a munda wa kudimba, cifukwa iye anacoka ali wamng'ono ndipo sawadziwa. Tinatenga pepala. Liu loyamba analemba okha, ndipo linawatengera nthawi. Pofika pa mtengo wa mkuyu umene uli pa malire, anaima nandifunsa ngati mwanayo angaudziwe, popeza kudimbako mikuyu ilipo iwiri.