AI pa chitetezo cha pa intaneti: phindu lake ndi ziopsezo zake

Luntha lochita kupanga, lomwe ambiri amalitchula mwachidule kuti AI, ndi mapulogalamu a kompyuta amene amaphunzira kuchokera ku zitsanzo zankhaninkhani mpaka kumatha kuzindikira zachilendo, kulemba uthenga, ngakhalenso kutsanzira liwu ndi nkhope ya munthu. Pa chitetezo cha pa intaneti, lusoli likugwiritsidwa ntchito ndi olondera chuma ndi zinsinsi za anthu, komanso ndi amene akufuna kuziba.

Dziko la Malawi lidalawa kale ululu wa umbanda wa pa makina. Kumayambiriro kwa 2024, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaimitsa kwa masabata angapo ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera. Mu February chaka chomwecho, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akamberembere adalowerera makina a nthambiyo ndipo ankafuna dipo. Komabe umbanda umene anthu wamba amakumana nawo tsiku ndi tsiku ndi wa pa foni, makamaka kudzera mu Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo apa ndi pomwe ubwino ndi kuipa kwa AI kungaonekere msanga.

Phindu lalikulu ndi liwiro. Palibe munthu amene angathe kuyang'ana uthenga uliwonse kapena ndalama iliyonse yodutsa m'makina a banki kapena a kampani ya foni, koma pulogalamu imatha, usana ndi usiku. Imayamba yaphunzira chizolowezi cha nambala iliyonse. Nambala imene kwa zaka yakhala ikungotapa ndalama zochepa kwa ejenti wa pamsika wa Chikweo, m'boma la Machinga, ikayamba mwadzidzidzi kutumiza ndalama zambiri pakati pa usiku ku manambala achilendo, pulogalamu yotere ingathe kuimitsa ntchitoyo kapena kuchenjeza oyang'anira. Momwemonso imazindikira simu imodzi imene ikumwaza uthenga wofanana kwa anthu mazanamazana. Mu 2025 kampani ya Airtel Africa idayambitsa, kuyambira ku Nigeria, njira ya AI yochenjeza makasitomala za mauthenga okayikitsa.

Vuto ndi lakuti zida zomwezi zafikanso m'manja mwa mbava. Kale uthenga wachinyengo wochokera kunja unkadziulula wokha chifukwa cha chiyankhulo chopotoka. Chichewa chidalowa mu Google Translate mu 2014, ndipo chibwerereni ChatGPT mu November 2022, kulemba kalata yooneka ngati yochokera ku banki kapena ku ofesi ya boma ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mu 2023 akatswiri adapeza pulogalamu yotchedwa WormGPT ikugulitsidwa kwa akuba kuti izilemba makalata oterewa.

Choopsa kuposa apo ndi kutsanzira liwu ndi nkhope. Kumayambiriro kwa 2024, wantchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong adatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atachita msonkhano wa pa kanema ndi anthu amene ankawaona ngati abwana ake ndi anzake a pantchito. Onsewo adali zithunzi ndi mawu ochita kupanga. Ndalama za ku Chikweo sizifika pamenepo, koma njira yake ndi yomweyo. Mabanja ambiri m'Machinga ndi m'Balaka ali ndi abale ku South Africa ndipo amalumikizana nawo potumizirana mawu pa WhatsApp. Mawu ochepa ojambulidwa ndi okwanira kuti pulogalamu iwatsanzire. Mayi amene adaphunzira kukayikira uthenga wolembedwa wopempha ndalama alibe chifukwa chokayikira liwu la mwana wake likumuuza kuti wagwidwa pachipata cha Beitbridge. Chimene chimathandiza pamenepa ndi kudula foni n'kuimbira mwini wakeyo pa nambala yodziwika kale.

Nawo makina oteteza ali ndi zofooka. Ambiri adaphunzitsidwa ndi mauthenga a Chingerezi, choncho chinyengo cholembedwa m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, monga amalembera anthu a m'derali, chingawadutse osachizindikira. Amalakwitsanso. Mlimi amene walandira ndalama zambiri kamodzi atagulitsa mpunga kapena nandolo angaoneke ngati wokayikitsa, akaunti yake n'kutsekedwa. Kwa wa ku Blantyre ili ndi vuto la ola limodzi; kwa wa ku Chikweo lingakhale ulendo wa ku Liwonde, ndalama yokwerera ali nayo kapena ayi. Komanso pulogalamu imafuna mbiri ya anthu ambiri kuti iphunzire, ndipo mbiriyo ikaunjikidwa malo amodzi imasanduka nkhokwe yokopa akuba.

Kumbali ya malamulo, dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe lidakhazikitsa gulu lothana ndi ziwembu za pa makompyuta la Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA. Mu 2024 kudabwera lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la Data Protection Act, lomwe likuyang'aniridwanso ndi MACRA. Lamulo la 2016 lija lidalembedwa zaka zisanu ndi chimodzi ChatGPT isanatuluke.