Kuyeza kusiyana kwa mitundu ya nandolo ndi DNA

Kuyeza kusiyana kwa mitundu ya nandolo ndi DNA ndi njira imene akatswiri a zaulimi amadziwira chibale cha mbewu poyang'ana zimene mbewuzo zinatengera kwa makolo ake, osati maonekedwe okha. Nandolo, amene dzina lake la sayansi ndi Cajanus cajan, amalimidwa kwambiri m'chigawo chakumwera kwa Malawi. Ku Chiradzulu, kumene minda ndi yaing'ono, alimi amamubzala pamodzi ndi chimanga, ndipo wina amagulitsidwa mpaka ku India.

Chifukwa choyezera

Ngakhale duwa la nandolo limatha kudzibereketsa lokha, njuchi zimanyamulanso mungu kuchokera m'munda wina kupita m'munda wina. Komanso alimi ambiri amasunga mbewu yakeyake, kupatsana ndi anansi kapena kugula pamsika. Zikatere mitundu imasakanikirana, ndipo dzina limodzi limatha kuimira mbewu zosiyana. Izi zimavuta kwambiri pa matenda ofotetsa a Fusarium, omwe amakhala m'nthaka. Sauma, kapena kuti ICP 9145, anatulutsidwa mu 1987 chifukwa chopirira matendawa, koma mlimi amene wagula mbewu yosakanikirana sazindikira mpaka mitengo itayamba kufota. Mitundu ina yodziwika ndi Kachangu, Mwaiwathu Alimi ndi Mthawajuni, yemwe alimi amamukonda chifukwa amacha msanga.

Kayezedwe kake

Akatswiri amatenga masamba anthete n'kuchotsamo DNA. Kenako amachulukitsa tizigawo tina ta DNA ndi njira ya PCR. Tizigawo tomwe timagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi totchedwa SSR, pomwe zilembo zochepa za DNA zimabwerezedwa motsatizana. Chiwerengero cha kubwerezako chimasiyana pakati pa mitundu, choncho kutalika kwa kachigawoko kumasiyananso. Akayeza malo ambiri otere, mtundu uliwonse umakhala ndi chizindikiro chake ngati chidindo cha chala, ndipo kompyuta imajambula mtengo wosonyeza chibale.

Mu 2011 gulu lotsogozedwa ndi bungwe la ICRISAT linalengeza kuti lawerenga DNA ya nandolo, zomwe zinathandiza kupeza malo ambiri oyezera. Mu 2016 kafukufuku wa Vincent Njung'e ndi anzake anasonyeza kuti SSR ingathe kusiyanitsa mitundu yotchuka ya m'Malawi.

Njirayi imafuna labotale ndi ndalama, ndipo payokha siuza ngati mbewu ndi yokoma kapena yobereka bwino. Zimenezo zimaonekabe m'munda ndi mumphika.