Invoisi ndi msonkho wa VAT: zoyenera kudziwa amalonda ang'onoang'ono ndi owalipira

Msika wa fodya wa Chinkhoma m'boma la Kasungu ukatsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda m'madera ozungulira, kuphatikizapo m'dera la Mfumu Yaikulu Mwase. Eni magalimoto amanyamula mabelo, amisili amakonza mashedi, ndipo ogulitsa ziguduli, simenti ndi malata amapeza makasitomala. Ambiri mwa anthuwa amagwiranso maganyu kumaesiteti, kukhonsolo ndi kumabungwe omwe si aboma. Kumeneko salipira munthu popanda invoisi, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya msonkho wa VAT imasokoneza anthu, olipidwa ndi olipira omwe.

Msonkho wa VAT umatoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA mwachidule, lomwe linayamba ntchito m'chaka cha 2000 ndipo likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda wa Blantyre. Lamulo la msonkhowu linakhazikitsidwa m'chaka cha 2005 kulowa m'malo mwa msonkho wa surtax. Poyamba unali 17.5 peresenti, m'chaka cha 2008 unatsitsidwa kufika pa 16.5 peresenti, ndipo kumapeto kwa chaka cha 2025 boma linaukwezanso kubwerera pa 17.5 peresenti.

Wolipira msonkhowu kwenikweni ndi wogula. Wamalonda amangotolera m'malo mwa boma. Mwachitsanzo, wogulitsa zipangizo zomangira wolembetsedwa akagula katundu wa K600,000, amalipirapo VAT ya K105,000. Akagulitsa katunduyo pa K1,000,000, amaonjezerapo K175,000. Zomwe amapereka ku MRA ndi kusiyana kwa ziwirizi, K70,000. Koma K105,000 ija amaloledwa kuichotsera pokhapokha ngati ali ndi invoisi ya msonkho yochokera kwa yemwe anamugulitsa. Ikasowa, ndalamayo yapita. Choncho invoisi ndi ndalama, ngakhale ambiri amaiona ngati kapepala kongokulungira mtedza.

Si wamalonda aliyense yemwe ali ndi mphamvu zolipiritsa VAT. Lamulo limakakamiza kulembetsa okhawo omwe malonda awo pachaka apyola mlingo woikika. Mlingowu unali K10 miliyoni, kenaka unakwezedwa kufika pa K25 miliyoni, ndipo umaunikidwanso pa ndondomeko ya zachuma ya boma. Chowerengedwa ndi ndalama zonse zamalonda, osati phindu. Mmisili wokonza zitseko kapena wojambula zithunzi pamisonkhano yemwe sanalembetse VAT amalemba invoisi wamba, yopanda msonkhowu. Akaonjezerapo VAT walakwira lamulo, chifukwa walandira ndalama m'dzina la boma zomwe alibe njira yozifikitsira kuboma.

Pali chisokonezo china chomwe chimaoneka kawirikawiri m'maofesi owerengera ndalama. Kukhala ndi nambala ya wokhoma msonkho, yotchedwa TPIN, sikutanthauza kuti munthu analembetsa VAT. TPIN ndi ya aliyense wochita malonda, pomwe kulembetsa VAT kuli ndi chiphaso chakechake. Wogwira ntchito m'boma yemwe wavomereza invoisi yokhala ndi VAT atangoona TPIN yokha akhoza kukhala kuti walipira ndalama za anthu mopyola ndi 17.5 peresenti, ndipo funso la oona za kayendetsedwe ka chuma lidzagwera iye, osati wamalondayo.

Invoisi ya msonkho imayenera kuonetsa dzina ndi keyala ya wogulitsa, nambala yake ya msonkho, tsiku, nambala ya invoisiyo, dzina la wogula, mtundu ndi kuchuluka kwa katundu kapena ntchito, mtengo msonkho usanaikidwe, komanso VAT payokha. Kuyambira m'chaka cha 2014, olembetsa VAT analamulidwa kutulutsa malisiti kudzera m'makina a EFD, omwe amatumiza chiwerengero cha malonda ku MRA. M'chaka cha 2025 bungweli linabweretsa njira yatsopano ya EIS, yolemba invoisi pa kompyuta kapena foni yamakono, kuti ilowe m'malo mwa makinawo. Amalonda ambiri anadandaula ndipo nthawi yosamukira ku njirayi inaonjezeredwa. Kwa wamalonda wa kwa Mwase, nkhawa ya magetsi ndi netiweki ndi yomveka, ndipo siyenera kutengedwa ngati kuzemba msonkho.

M'dera la alimi ngati ili, nkofunikanso kusiyanitsa katundu wosakhomedwa VAT ndi katundu wokhomedwa pa ziro peresenti. Zokolola zosakonzedwa, monga chimanga, zili m'gulu loyamba: wogulitsa salipiritsa VAT, komanso sangabwezeredwe yomwe analipira pogula zipangizo. Katundu wotumizidwa kunja ali m'gulu lachiwiri: msonkho ndi ziro, koma wotumizayo ali ndi ufulu woitanitsa VAT yomwe analipira. Nchifukwa chake makampani otumiza fodya kunja amaumirira invoisi yolondola kwa aliyense wowagulitsa katundu kapena kuwagwirira ntchito.

Wolembetsa VAT amayenera kupereka lipoti ndi ndalama zake pofika pa 25 mwezi wotsatira, ngakhale mwezi womwe sanagulitse kanthu. Izi zimaiwalika kwambiri msika wa fodya ukatsekedwa, malonda atazilala, ndipo chindapusa chimayamba kuwunjikana mwakachetechete.

Chowawa kwambiri kwa wamalonda wamng'ono ndi nthawi yomwe msonkho umayamba kuwerengedwa. Lamulo limatenga chomwe chayamba kuchitika pakati pa kupereka katundu, kulemba invoisi ndi kulandira malipiro. Wopereka simenti mu Marichi amakhala ndi ngongole ya VAT pofika pa 25 Epulo, kaya walipidwa kaya ayi. Ofesi yomwe yasunga invoisi yake m'kabati miyezi isanu ikumukakamiza kulipira msonkho kuchokera ku mpamba wake, kapena kupita kwa akatapila. Fayilo yochedwa pa tebulo la mkulu mmodzi ikhoza kutseketsa golosale.

Pomaliza pali msonkho wodulidwa pa malipiro, womwe anthu amausokoneza ndi VAT. Uwu umadulidwa ndi wolipira, ndipo ndi gawo la msonkho wa pa phindu lomwe wamalonda wapereka pasadakhale. Pa katundu woperekedwa kumaofesi ndi kumakampani amadula 3 peresenti, pomwe pa ntchito zaukatswiri mlingo wake ndi wokwererapo. Woduladula amayenera kutumiza ndalamayo ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira ndi kupatsa wamalondayo chikalata cha umboni. Popanda chikalatacho, wamalonda sangachotsere ndalamayo pa msonkho wake wapachaka, ndipo zimamuvuta kupeza chiphaso choonetsa kuti alibe ngongole ya msonkho, chomwe chimafunika popikisana nawo pa ntchito za boma.