Sadwala, Sanalodzedwe, Koma Safuna: Munthu Amene Mbiri Yathu Sinamupatse Dzina

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya kuchipinda, ndiye amanyazi mundikhululukiretu.

Mukafika pamsika wa Santhe nyengo ya fodya, mabelo atayamba kupita ku Chinkhoma, mudzaona kuti gondolosi sachedwa kutha. Amagula ndi abambo, koma amayinso amagula mobisa, ati kukathandizira kunyumba. Tsiku lina mayi wina amene amakonda kugula pabenchi langa anadikira kuti anthu achepe, n'kundinong'oneza kuti, "Asisi, amuna anga ndimawakonda ndithu, koma za kuchipindazi sindinazilakelakepo chibadwire. Ankhoswe akhala katatu, onse akuti ndili ndi chibwenzi." Mawu amenewa ndi amene andibweza m'mbiri, ndipo ndikufuna mubwerere nane.

Kwa ife Achewa, ukwati sunali wa anthu awiri okha. Mwamuna ankapita chikamwini, ndipo mbali iliyonse inali ndi nkhoswe, kawirikawiri atsibweni kapena achimwene, woweruza zikavuta. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi ankamulanga kuchinamwali za mmene angasungire mwamuna. Kugonana kunali ndi nyengo zake ngati ulimi. Panali nthawi yoletsedwa, monga pamaliro kapena mwana akangobadwa, ndipo wophwanya ankati abweretsa mdulo kapena tsempho pakhomo. Panalinso nthawi yolamulidwa, monga pamwambo wa kutenga mwana, pamene makolo ankayenera kukhalira limodzi kuti khanda likhwime. Mwaona? Nkhaniyi inali udindo wa pamudzi. Funso linali lakuti "mwachita kapena simunachite", osati "kodi mukufuna".

Mvetserani mayina amene makolo anatisiyira. Mwamuna wosabereka ndi gojo. Wolephera kuchipinda amati anagwa mumpapaya. Mkazi wosabereka ndi chumba. Pomwe mwana sakubwera, mabanja ena ankalowetsa fisi usiku. Mayina onsewa akunena za munthu amene thupi lamukanika. Koma munthu wathanzi, wokonda mnzake, amene mtima wake sukokera ku zogonana ndi wina aliyense, analibe dzina. Ndiye ankamuveka limene lili pafupi: wolodzedwa, wamwano, kapena wachibwenzi.

Sikuti makolo sankadziwa moyo wopanda mphasa ayi. Kukachisi wa ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, Makewana sankakhala pabanja ngati akazi ena, ndipo atsikana omutumikira, Matsano, sankaloledwa kugona ndi mwamuna. Atabwera amishoni a Chikatolika tinaonanso masisitere ndi ansembe. Koma kumeneko ndi kudziletsa chifukwa cha ntchito yopatulika. Wofuna banja, kulima limodzi, kudyera mbale imodzi, koma wopanda chilakolako, khomo lake panalibe.

Musaganize kuti azungu anali patsogolo kwenikweni. Mu 1948, ku America, Alfred Kinsey anatulutsa kafukufuku wake wa khalidwe la amuna pa zogonana, n'kuika anthu pa sikelo yoyambira 0 mpaka 6. Anapezanso anthu osakwanira pa sikeloyo chifukwa analibe chidwi chotero, ndipo anangowalemba chilembo X basi. Mu 1980, buku limene madokotala a matenda a maganizo ku America amagwiritsa ntchito, lotchedwa DSM, linaika kusowa chilakolako m'gulu la matenda. Apa dokotala wa ku New York ndi sing'anga wa kwathu anali pamzere umodzi: onse ankaona wodwala wofunika mankhwala.

Zinthu zinasintha pamene eniake anayamba kulankhula. Mu 2001 mnyamata wina wa ku America, David Jay, anayambitsa gulu la pa intaneti lotchedwa AVEN, la anthu amene amadzitchula kuti asexual, kutanthauza amene sakopeka ndi munthu aliyense pa zogonana. Mu 2004 Anthony Bogaert wa ku Canada anaunika mayankho a anthu opitirira 18,000 a ku Britain, n'kupeza kuti pafupifupi mmodzi pa 100 aliwonse ananena kuti sanakopekepo ndi wina aliyense. Pofika 2013, buku lija la DSM linasinthidwa: kusowa chilakolako kumatchedwa vuto ngati kwatha miyezi 6 ndipo kukumusautsa mwini wakeyo, koma amene wakhala choncho moyo wake wonse ndipo amadzidziwa kuti ndi asexual salembedwa kuti akudwala. Kuchokera pa chilembo X mpaka apa panadutsa zaka 65.

Kuno kwathu ulangizi nawo sunaime malo amodzi. Chipezekere HIV m'Malawi mu 1985, miyambo ngati ya fisi inayamba kutsutsidwa, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 linaletsa miyambo yoika anthu pachiswe. Ntchito ya anamkungwi lero aigawana ndi alangizi a kumpingo ndi amayi a pa bridal shower. Koma mverani bwino zimene zimanenedwa kumeneko. Uthenga ukadali womwe uja: "Usamukanize mwamuna." Mwamuna naye, akangoonetsa kuti alibe nazo chidwi, anzake pabawo amamumaliza ndi nthabwala za mpapaya.

Ndiye inu amene ndinu nkhoswe kapena mlangizi, musanatume mwana kukagula gondolosi, funsani kaye. Kodi zayamba liti? Ngati chilakolako chinalipo n'kuzilala, chifukwa chingakhale matenda a shuga, kutopa, nkhawa, mankhwala ena, kapena nkhanza za m'nyumba, ndipo zimenezo n'zofunika chipatala kapena chilungamo. Kodi mwini wake zikumuwawa, kapena akuwawidwa ndi mawu a anthu? Ngati wakhala choncho kuyambira kale ndipo payekha ali pamtendere, palibe muzu umene ungamusinthe, ndipo kumukakamiza ndi nkhanza, ngakhale ali pabanja.

Sindikuiwala mnzake wa m'banjayo. Nayenso amavutika, amadziona ngati wonyansa, ndipo njala yake si tchimo. Awiriwa ayenera kuuzana zoona: kapena apangane zimene onse angakwanitse mosaumirizana, kapena asiyane mwaulemu popanda wina kuvekedwa dzina labodza pabwalo.

Mayi uja akubwerabe kudzagula. Ndinamuuza zimene ndalemba apazi, ndipo anati, "Ndiye kuti tilipo ambiri eti?" Mlandu wake sunathe, ankhoswe akhalanso mwezi wa mawa.

Nanga inu, kwanuko munthu wotere mumamutchula chiyani? Mukanakhala nkhoswe pamlandu umenewu, mukanayamba ndi funso liti? Tikambirane.