Maulendo a m'tchire ndi a panjinga kuchokera ku Sydenham

Sydenham ndi dera la mu mzinda wa Durban ku South Africa. Mu ulamuliro wa tsankho, boma linapatulira derali makaladi, ndipo lamulo la 1953 linkawaletsa kufika m'malo ambiri osangalalira a azungu, kuphatikizapo magombe a nyanja. Lamuloli linathetsedwa mu 1990, kotero malo otsatirawa tsopano ndi a aliyense.

Okonda kuyenda pansi amapita ku nkhalango ya Krantzkloof ku Kloof, yomwe inakhazikitsidwa mu 1950 ndipo ili ndi zigwembe komanso mathithi. Apanjinga amapalasa m'mbali mwa nyanja, ndipo ena amalowa mpikisano wa Amashova, wa makilomita 106 kuchokera ku Pietermaritzburg kukafika ku Durban.

Ofuna kuona nyama amalowera kumpoto, ku Hluhluwe-iMfolozi, komwe nyama zakhala zikutetezedwa kuyambira 1895. Kumeneko Ian Player ndi Magqubu Ntombela anayambitsa maulendo oyenda pansi m'tchire. Mpaka lero alendo amayenda ndi msilikali wa zanyama wonyamula mfuti, chifukwa m'tchiremo muli zipembere, njovu ndi mikango.